Mmene mungasankhire wotchi ya mivi yolimba, yosalowa madzi komanso yosadula

Munthu amagula wotchi mu October ikunyezimira bwinobwino, mvula yoyamba ya November ikamupeza panjinga akuchokera ku Mchini kapena ku Navutika kuno ku Chipata, m'mawa mwake galasi lachita chifunga mkati, pakatha milungu ingapo mivi yaima, basi kumadandaula kuti mawotchi a masiku ano ndi ma fake okhaokha. Ena ndi ma fake zoona, koma nthawi zambiri wotchiyo inali itanena kale kumbuyo kwake kuti siigwirizana ndi madzi, kungoti palibe anaitembenuza kuti awerenge. Ambirife timagula ndi maso, timayang'ana kutsogolo chabe, pomwe zonse zofunika zalembedwa kumbuyo m'tizilembo ting'onoting'ono. Malangizo awa ndi a wotchi ya mivi, yovala tsiku lililonse, kumunda, kuntchito, kutchalitchi, pochapa, osati ya manambala othwanima kapena smartwatch yofuna kutchaja usiku uliwonse pomwe magetsi ake ndi awa timawadziwawa.

Zofunika kukhala nazo musanapite kukagula

- Kachingwe ndi rula, kapena tepi ya telala, yoyezera mkono
- Foni ya kamera ndi tochi, ikhale ndi tima bundle pang'ono toti mufufuzire nambala ya wotchi
- Kansalu koyera kopukutira
- Ndalama zogawa kale pawiri, za wotchi payokha, zotsala za batire ndi lamba mtsogolo
- Nthawi yoima pa shopu mosathamanga, olo mphindi 15. Osagula wotchi basi ikukudikirani

Sitepe 1: Yambani ndi ntchito ya mkono wanu

Musanaone wotchi iliyonse dzifunseni kuti mkono wanu umakumana ndi chiyani kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wokwera njinga kapena mota kunyamula anthu amakumana ndi mvula, fumbi ndi kugwedezeka kwa msewu. Mayi wochapa, kutsuka mbale ndi kupopa madzi pa borehole mkono wake umalowa m'madzi a sopo kangapo patsiku. Mlimi wa kudimba ndi madzi ndi matope, wa thonje ndi mankhwala opopera. Nesi amafuna muvi wa masekondi ooneka bwino powerenga kugunda kwa mtima, ndipo amasamba m'manja pafupipafupi. Mwana wa Grade 12 amangofuna kudziwa nthawi m'mayeso poti foni siiloledwa kulowa nayo. Wa muofesi yekha ndiye angavale ya lamba wachikopa n'kukhala nayo bwino.

Chenjezo: osagula wotchi imodzi yonyezimira ya golide n'kumati ikhala ya kutchalitchi komanso ya kumunda. Ngati ndalama ndi za wotchi imodzi chabe, gulani yogwira ntchito yovutayo, kutchalitchi ipitanso bwinobwino.

Sitepe 2: Tembenuzani wotchi, werengani za madzi

Apa ndiye pamene anthu ambiri amagwera, so tikhalapo pang'ono.

Kumbuyo kwa wotchi, nthawi zina kutsogolo pansi pa mivi, pamalembedwa zinthu ngati 30M, 50M, 100M, kapena 3 ATM, 5 ATM, 10 ATM, kapena 3 BAR, 5 BAR, 10 BAR. ATM imodzi kapena BAR imodzi ndi mphamvu ya madzi akuya pafupifupi mamita 10, ndiye 3 ATM ndi chimodzimodzi ndi 30M, 10 BAR ndi 100M. Manje vuto ndi lakuti munthu akaona 30M amaganiza kuti atha kumira nayo mamita 30 pansi pa damu la Lutembwe, ayi ndithu. Nambala imeneyo imachokera kufakitale komwe amaika wotchi yatsopano m'makina, madzi ali phee, wotchi ili phee, timphira take totsekera madzi tonse tili tatsopano. Pamkono panu ndi nkhani ina, mkono ukugwedezeka, madzi a papopi akumenya mwamphamvu, sopo akulowerera m'timipata, dzuwa latenthetsa chitsulo kenako mwachiviika m'madzi ozizira.

Werengani chonchi:

- WATER RESISTANT chabe popanda nambala, kapena 30M: timadontho ta mvula yowaza ndi kusamba m'manja mosamala. Osachapa nayo, osasamba nayo
- 50M: mvula ndi kutsuka mbale ipirira, koma si yoti muziiviika tsiku ndi tsiku
- 100M: iyi ndiye ya ife. Kuchapa, mvula ya January, kuthirira kudimba, kusambira mumtsinje, zonse ikwanitsa
- 200M: yolimba kuposa zomwe ambiri tikufuna, koma mukaipeza pamtengo wabwino tengani

Ine ndimati pansi pa 100M musatsike ngati mkono wanu umagwira madzi. Kusiyana kwa mtengo pakati pa ya 30M ndi ya 100M ya kampani imodzimodziyo nthawi zambiri sikukulu, koma kusiyana kwa moyo wake ndi kwakukulu maningi.

Chenjezo loyamba: wotchi yolembedwa WATERPROOF ndi zilembo zikuluzikulu muikayikire. Makampani odziwika ambiri salemba mawu amenewo pawotchi potsatira ISO, bungwe loika miyezo ya katundu padziko lonse, amalemba WATER RESISTANT kapena WATER RESIST ndi nambala yake. Chenjezo lachiwiri: nambala ili kumbuyo imakhala ndi tanthauzo pokhapokha ngati kampani yake ndi yeniyeni. Wopanga fake kulemba 100M sikumudyera ndalama, atha kulemba olo 500M. Ndiye nambala iyende pamodzi ndi dzina lodalirika, za ma fake tikamba kutsogoloku.

Ndipo wogulitsa akaiponya m'botolo la madzi n'kumati "onani bosi, nkoloko iyi silowa madzi", musatengeke. Wotchi iliyonse yatsopano ipirira mphindi ziwiri m'botolo. Funso ndi la miyezi isanu ndi umodzi ya thukuta ndi sopo.

Sitepe 3: Ya batire, ya automatic kapena ya solar

Ya batire ndi imene imalembedwa QUARTZ. Mkati mwake muli kamwala kakang'ono konjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndiko kamasunga nthawi, ndipo wotchi yabwino ya mtundu uwu imataya kapena kupitirira masekondi 15 mpaka 20 chabe pamwezi. Zamkati zake ndi zochepa ndiye olo igwe kapena igwedezeke pamota siivutika kwenikweni. Muvi wa masekondi umadumpha kamodzikamodzi, tiki, tiki. Kwa munthu wofuna yotchipa komanso yolimba yankho ndi limeneli basi.

Ya automatic ilibe batire, imayenda ndi kugwedezeka kwa mkono wanu, muvi wake umayenda moseleleka. Seiko 5 ndiyo imadziwika kwambiri, inayamba mu 1963 ndipo amadala ambiri kuno anaivala zaka ndi zaka. Ndi yokongola, sindikana. Koma imatha kutaya masekondi 20 kapena kuposa patsiku, mukaivula Lachisanu madzulo pofika Lamlungu yaima chifukwa mphamvu yake imasunga maola pafupifupi 40, ndipo ikafuna service mmisiri woidziwa bwino ndi wosowa komanso amadula. Chinanso chomwe anthu sadziwa, ma Seiko 5 ang'onoang'ono akale aja ambiri ndi 30M chabe, so dzina lalikulu silitanthauza kuti mungachape nayo.

Ya solar, ngati Citizen Eco-Drive, imadya kuwala kudzera pankhope pake ndipo imatha zaka zambiri osaitsegula. Kusatsegulako ndi phindu lalikulu pa nkhani ya madzi, ndipo dzuwa kuno silisowa, pitani ku Mfuwe mu October mukaone. Vuto ndi mtengo chabe. Ngati thumba likulola ndi yabwino, koma musaisunge m'sutikesi miyezi, imafa ndi mdima.

Mukaona JAPAN MOVT pansi pa 6 kapena kumbuyo ndiye kuti makina amkati ndi a ku Japan, kawirikawiri a Miyota kapena a Seiko. Miyota 2035 ndi makina otchipa koma odalirika ndipo amisiri ambiri amawadziwa, akafa amangosintha onse. Koma zindikirani kuti mawuwa akunena makina okha, sakunena kuti thupi la wotchiyo ndi labwino.

Sitepe 4: Thupi lake ndi chitsulo chanji

Pali mitundu itatu yomwe mukumane nayo. Stainless steel yeniyeni, resin imene ndi pulasitiki yolimba ija yakuda ya ma Casio, ndi chitsulo chotchipa chopakidwa utoto wa siliva kapena wa golide pamwamba.

Apa werengani mawu onse bwinobwino. ALL STAINLESS STEEL ndiye kuti thupi lonse ndi chitsulo chosachita dzimbiri. STAINLESS STEEL BACK ndiye kuti chivundikiro chakumbuyo chokha, thupi lonselo ndi china, ndipo mukaona BASE METAL kapena ALLOY dziwani kuti ndi chopaka. Chopakachi thukuta la mwezi wa October limachidya, chimayamba tizibowo m'mbali momwe chimakhudza khungu, utoto umasupuka, mkono umada kapena kubiriwira, ena mpaka zidzolo chifukwa cha chitsulo cha nickel chomwe chimakhalamo. Ndipo tizibowo timeneto tikafika pomwe pakhala kamphira, madzi apeza njira.

Ngati ndalama sizikufika pa stainless steel yeniyeni, tengani resin. Anthu amainyoza ati ndi ya ana a sukulu, koma siichita dzimbiri, ndi yopepuka, ikagunda chitseko siiphwanyika. Pakati pa resin yakuda ndi golide wopaka pamtengo umodzi, resin ikhala nthawi yaitali.

Sitepe 5: Galasi

Apa sitichedwa. La pulasitiki limakalika msanga koma silisweka wamba, ndipo mikwingwirima yaing'ono imachoka mukapukuta ndi mankhwala otsukira mano pakansalu. La mineral ndi galasi lenileni, silikalika msanga koma likamenya mwala limang'aluka. La sapphire silikalika pafupifupi ndi chilichonse koma limapezeka pa mawotchi odula, ndiye wotchi yotchipa kwambiri yolembedwa SAPPHIRE ndi yokayikitsa. Kwa omanga nyumba, amakanika ndi alimi pulasitiki kapena mineral zili bwino. Chomwe muyang'ane ndi chakuti galasi lisatumphuke pamwamba, likhale lolowa pang'ono mkati mwa mkombero kuti mkomberowo ndiwo uzilandira nkhonya.

Sitepe 6: Kachitsulo kam'mbali ndi chivundikiro chakumbuyo

Madzi salowa paliponse, ali ndi makomo atatu: m'mphepete mwa galasi, pachivundikiro chakumbuyo, ndi pakachitsulo kam'mbali kamene timapotokola posintha nthawi, amisiri amakatcha crown. Pa makomo onsewa pamakhala kamphira kopyapyala, ndipo kusalowa madzi konse kwa wotchi kwagona pa timphira timeneti.

Kokani kachitsuloko. Kazituluka ndi kaphokoso ka "tsi" komveka, kazibwerera molimba, kasamagwedezeke uku ndi uku. Kakakhala kolobodoka isiyeni wotchiyo. Mawotchi ena, makamaka a 200M, kachitsulo kawo kamamangidwa ngati sikuluwu, mumayamba mwakamasula musanakoke ndipo mukamaliza mumakankha n'kumanganso. Amenewa ndiwo amatseka bwino koposa, koma mukaiwala kumanga madzi amalowa kuposa pa wotchi wamba.

Chivundikiro chakumbuyo chilipo chongokanikiza, chomanga ndi timasikuluwu tinayi, ndi chozungulira chokhala ndi timipata m'mphepete chofuna sipanala yake. Chozungulira ndi cha timasikuluwu zimagwira bwino kuposa chongokanikiza. Pewaninso wotchi ya mabatani ambirimbiri m'mbali, batani lililonse ndi khomo lina la madzi.

Sitepe 7: Lamba ndi saizi

Yezani mkono ndi kachingwe kuseri kwa kafupa kotuluka kaja, kenako muyeze kachingweko pa rula. Mkono wa masentimita 15 mpaka 17 umakhala bwino ndi wotchi ya mamilimita 36 mpaka 40, wa 18 kupita mtsogolo utha kunyamula 42 mpaka 44. Wotchi yaikulu kuposa mkono imagunda chilichonse, zitseko, mahandulo a njinga, m'mphepete mwa beseni, ndiye imatha msanga.

Lamba wachikopa ndi thukuta sizigwirizana, amanunkha, amauma, amaduka pabowo pomwe mumamangira, ndipo zambiri zotchipa si chikopa n'komwe, ndi pepala lopanikiza lokutidwa pulasitiki. Wa resin amapirira madzi koma pakapita zaka amauma n'kung'aluka, makamaka akamakhudzana ndi petulo, parafini, mafuta onunkhira kapena mankhwala opopera. Wachitsulo amakhala, bola akhale stainless, kungoti amasunga litsiro m'timipata ndiye muzimutsuka ndi mswachi wakale. Wa nayiloni wodutsa pansi pa wotchi, amene amamutcha NATO, ine ndimamukonda chifukwa mumamuchapa ngati sokosi, ndipo kachitsulo kamodzi kogwira lamba kakathyoka wotchi siigwa, imalendewera pa kenako. Wokwera mota aganizire zimenezi.

Chenjezo: onani ngati lamba ndi wosinthika. Yezani mpata pakati pa timiyendo tiwiri togwira lamba, ukakhala mamilimita 18, 20 kapena 22 lamba wina mupeza mosavuta. Mawotchi ena lamba wake ndi womatirira kapena wa mapangidwe akeake, akaduka wotchi yonse yatha ntchito olo makina ali bwinobwino.

Sitepe 8: Nkhope yake iwerengeke

Gwirani wotchi patali ndi mkono wotambasula, iyang'aneni sekondi imodzi, chotsani maso. Mwadziwa nthawi? Ngati ayi, isiyeni. Mivi yasiliva pankhope yasiliva imakongola m'shopu chabe. Mivi yoyera pankhope yakuda, kapena yakuda payoyera, ndiyo imaoneka pamvula, m'mamawa ndi kwa amene maso ayamba kuvuta. Zina zimakhala ndi timanambala 13 mpaka 24 mkati mwa manambala akuluakulu, zimathandiza poti kuno timati 15 hours, 18 hours.

Walitsani tochi ya foni pankhope masekondi angapo kenako phimbani ndi dzanja n'kusuzumira. Mivi yabwino imawala mobiriwira. Magetsi akapita usiku mudzaiyamikira. Ma Timex ambiri ali ndi Indiglo, mukadina kachitsulo kam'mbali nkhope yonse imayaka, koma dziwani kuti Timex Weekender ndi 30M chabe ndipo imalira mokweza usiku, ena mpaka amaiika m'drowa kuti agone.

Sitepe 9: Maina oti muyambirepo

Sindikugulitsa kalikonse, koma kupita kumsika opanda dzina m'mutu ndiye kugulitsidwa chilichonse. Casio MRW-200H ndi ya resin, 100M, ili ndi tsiku ndi deti, batire lake limakhala pafupifupi zaka 3, kwa ine ndiyo yoyamba kufunsa. Ya mkono waung'ono kapena ya amayi ndi LRW-200H, nayonso 100M. Casio MDV-106, imene anthu amaitcha Duro, ndi yachitsulo, 200M, kachitsulo kam'mbali komanga, koma ndi yaikulu, mamilimita 44, ndi yodulirapo. Casio MQ-24, kakang'ono kopepuka kaja, ndi kabwino m'mayeso ndi muofesi koma ndi WATER RESISTANT chabe, musachape nako. Q&Q ndi ya gulu la Citizen ndipo ndi yotchipa, zina zake zalembedwa 10 BAR zina ayi, ndiye werengani iliyonse payokha.

Mitengo imasintha ndi dola, ndiye musanapite funsani mashopu awiri kapena atatu, onaninso pa intaneti kuti mudziwe pomwe mtengo weniweni ukuzungulira. Mukapeza wina akugulitsa theka la mtengo umenewo, si mwayi, ndi fake.

Sitepe 10: Iyeseni pakauntala musanatulutse ndalama

Chitani izi motsatana, wogulitsa olo akwiye.

Jambulani kumbuyo ndi foni n'kukulitsa chithunzi. Zilembo za yeniyeni zimakhala zozokotedwa bwino, zofanana, zosalakwika sipelo. Pa Casio pamakhala nambala ya model ndi nambala ina ya manambala atatu kapena anayi m'kabokosi. Lembani nambala ya model pa Google, chithunzi chomwe chituluke chifanane ndendende ndi yomwe ili m'manja mwanu, mtundu, mivi, zolemba zonse.

Ngati nkhope ili ndi timawotchi ting'onoting'ono mkati, dinani mabatani muone ngati timivi take tikuyenda. Pa zotchipa zambiri timiviti ndi tomata chabe, tokongoletsa.

Kokani kachitsulo kam'mbali, zungulitsani mivi maola 24 athunthu. Isakodwe, isakhudzane, ndipo deti lisinthe mivi ikamadutsa 12 ya usiku. Ikani mivi yonse pa 12, iloze pamodzi. Gwedezani pafupi ndi khutu, ya batire isamalire kanthu mkati. Pukutani galasi ndi kansalu, muone ngati mkati muli fumbi, katsitsi kapena madontho ouma, zimenezo zikusonyeza kuti inatsegulidwapo kapena inalowapo madzi.

Pomaliza ifananizeni ndi nthawi ya pafoni mpaka pa sekondi, mawa lake muonenso. Ya batire yomwe yataya mphindi tsiku limodzi ndi yodwala, ibwezeni msanga.

Za salaula: mumapezeka ma original abwino zedi pamtengo wochepa, koma muziitenga ngati yosatseka madzi mpaka mmisiri aione timphira take, chifukwa simukudziwa kuti yakhala zaka zingati.

Sitepe 11: Lisiti, ndi kugula pa Facebook kapena WhatsApp

Pemphani lisiti lolembedwa nambala ya model ndi deti, ndipo funsani kuti ikafa mkati mwa mwezi achita chiyani. Lamulo la Zambia la 2010 loteteza ogula silimalola shopu kupachika zikwangwani zoti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo madandaulo amapita ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, koma opanda lisiti mukayambira pati.

Pa intaneti musatumize ndalama zonse pa Airtel Money kapena MoMo chifukwa cha chithunzi chokongola. Muuzeni wogulitsa ajambule video ya wotchi yeniyeniyo, kutsogolo muvi ukuyenda, kumbuyo zilembo zikuoneka, pambali pali pepala lolembedwa deti la tsikulo. Akayamba kuzemba mwadziwa. Ngati ikubwera pabasi kuchokera ku Lusaka gwirizanani kuti zotsala mulipira mukaiona. Ndipo amene mumadutsa pa boda ya Mwami kukagula ku Lilongwe, yeserani konko zonse za Sitepe 10, chifukwa kubwerera nayo transport idya kuposa wotchiyo.

Sitepe 12: Tsiku losintha batire

Mawotchi abwino ambiri amafera apa, osati pamvula. Wotchi ya 100M yakhala zaka zitatu osalowa dontho, batire latha, mwapita nayo pakona, munthu waitsegula ndi mpeni, kamphira kagwa pansi kapena kapindika, watseka, mwalipira, sabata yamawa chifunga mkati.

Ndiye imani pompo muziona. Kamphira kakuda kozungulira kaja katulutsidwe, kapukutidwe, kapakidwe mafuta a silicone pang'ono, kabwerere m'kanjira kake kosapindika. Kakakhala kouma, kophwatalala kapena kong'aluka kasinthidwe. Osalola Vaseline kapena girisi wa njinga, zimafufumitsa mphira. Ngati ndi ya timasikuluwu, tonse tinayi tibwerere ndipo timangidwe mopingasa kuti chivundikiro chikhale mofanana.

Batire lenilenilo nalonso muliwerenge. Mawotchi ambiri a mivi amadya SR626SW, nambala yake ina ndi 377. Alipo ena ngati SR621SW amene ndi 364, ndi SR920SW amene ndi 371. Zilembo SR zikutanthauza silver oxide, ndiwo oyenera. Pali ena ofanana saizi olembedwa LR626 kapena AG4, aja amagulitsidwa ambirimbiri pakhadi limodzi, amenewo ndi alkaline, amatha msanga ndipo amakonda kutuluka madzi oononga makina. Muuzeni mmisiri kuti "amdala, ndiikireni la SR, ndione paketi", kusiyana kwa mtengo ndi kochepa. Asaligwire ndi zala zathukuta.

Mawotchi ena batire likatsala pang'ono muvi wa masekondi umayamba kudumpha awiriawiri, sikuti yaonongeka, ikukuuzani chabe. Ndipo batire lakufa musalisiye mkati miyezi, limatuluka madzi.

Ikalowa madzi chitani izi

Kachifunga kochepa kobwera mukachoka padzuwa kulowa m'madzi ozizira n'kutha pakapita mphindi zochepa si vuto lalikulu. Koma chifunga chosachoka kapena timadontho pansi pa galasi ndiye kuti madzi ali mkati ndipo dzimbiri layamba ulendo. Pitani nayo tsiku lomwelo kapena mawa lake, aitsegule, achotse batire, iume bwinobwino, asinthe kamphira. Kuikwirira mumpunga kumangotayitsa masiku, madzi ali m'kati mwa chinthu chotseka mpunga sungawakoke. Osaiyanika pambaula kapena pafupi ndi moto, mphira ndi resin zimapindika.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kusamba nayo madzi otentha. Olo ya 100M, nthunzi ndi sopo zimafooketsa timphira pang'onopang'ono, ivuleni muiike pawindo.

Kukoka kachitsulo kam'mbali kapena kudina mabatani wotchi ili yonyowa. Pukutani kaye. Enanso amasintha nthawi n'kuiwala kukankha kachitsuloko kuti kabwerere, n'kupita kukachapa.

Kusintha deti usiku, kuyambira cha m'ma 21 hours mpaka 03 hours. Nthawi imeneyo timano tosintha deti timakhala titagwirana kale, mukakakamiza timathyoka. Ikani mivi pa 6 kaye, sinthani deti, kenako bwezani nthawi.

Kuisiya pamwamba pa sipika, pa wailesi kapena pafupi ndi maginito. Ya automatic imayamba kuthamanga, ya batire imatha kuima kapena kutaya nthawi.

Kuisiya pa dashboard ya galimoto padzuwa, kutentha kumatha batire ndi kuumitsa lamba.

Kupopera thonje kapena kuthira feteleza ili pamkono osaitsuka pambuyo pake. Ngati ndi ya 100M ipungizeni m'madzi oyera ozizira n'kupukuta, ngati ndi yochepera pamenepo ingoivulani musanayambe ntchito.

Kumanga lamba mothina kwambiri, thukuta limakhazikika pansi pake, khungu limatupa ndipo timabowo ta lamba timang'ambika msanga. Chala chaching'ono chizitha kulowa pakati pa lamba ndi mkono.

Kuiwala tizitsulo tiwiri togwira lamba. Timachita dzimbiri mkati osaoneka, tsiku lina wotchi yangogwa pamsewu wa Umodzi inu osamva. Ndi totchipa, nthawi iliyonse mukusintha batire kapena lamba muuzeni mmisiri asinthe tonse tiwiri.